Mbira Yachilendo Isalowe M'khola Tsiku Lomwe Yafika

Achikumbe anzathu, mwezi uno tapatuka pang'ono pa nkhani za chimanga ndi fodya kuti tikambe za kanyama kamene ambiri a inu mumaweta kuseri kwa nyumba kapena pa ngodya ya khitchini, ndiko mbira. Poyendera makomo a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, kumene nyumba ziri zothinana ndipo malo a khola la mbuzi sapezeka, taona kuti mbira ndicho chiweto cha munthu wochepa malo. Taonanso kuti ambiri amataya mbira zao pa chifukwa chimodzi, ndicho kufulumira kusakaniza mbira yachilendo ndi za pakhomo. Tsono maganizo athu tiwanene poyamba pomwe, kuti amene atope ndi kuwerenga apite atamva. Mbira imene yangofika, makamaka imene yapulumuka pa tsoka ndipo iri ndi mantha, iyambe yakhala payokha masabata atatu. Itatero ionane ndi zinzake waya ali pakati. Ndipo pomalizira pake ikomane nazo pa malo amene ali achilendo kwa zonse. Wodumpha limodzi la makwerero atatuwa aika pa ngozi mlendoyo pamodzi ndi khola lake lonse.

Chimene chinatiphunzitsa

Nonse mukumbukira mwezi wa Malichi chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala nkutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu mazana ambiri anamwalira m'chigawo chino cha kumwera. Sitiyesa kufanizira maliro aja ndi imfa ya ziweto, kutalitali. Koma madzi ataphwa, otsala anayamba kutolera chimene chinatsala, ndipo kwa ena chotsalacho chinali nkhuku imodzi kapena mbira imodzi.

Ku Bangwe kunali mai ena amasiye amene khitchini yao ya zidina zosaotcha inagwa usiku. Mwa mbira zao zisanu ndi zinai, imodzi yokha inapezeka yamoyo, itabisala pansi pa lata, pa tsiku lachitatu. Popeza maiwo anasowa pokhala, anaipereka kwa alongo ao a ku Machinjiri, amene anali ndi mbira zisanu ndi imodzi zonenepa bwino. Bamboyo, poona kanyamako kakunjenjemera, anati kasagone kokha, nakaponya m'khola madzulo omwewo. Kutacha anapeza khutu lake litang'ambika, iko katadzipanikiza pa ngodya, osadya, osamwa. Pa tsiku lachitatu kanafa. Sabata isanathe mbira zake zinayamba kuyetsemula ndi kutuluka mamina, ndipo zitatu zinatsatira mlendo uja.

Titafika pakhomopo anatifunsa mwachisoni, nati, "Alangizi, ine ndinachita chifundo. Nanga ndalakwa pati?" Ife tinati, "Bambo, chifundo munali nacho ndithu, chimene chinasowa ndi kudekha." Kuchokera tsiku limenelo takhala tikufunsa pa khomo liri lonse pamene tapeza mbira, ndipo nkhani yonga iyi taimva kambiri, ngakhale kopanda namondwe: mbira yogulidwa ku msika, mbira yosiyidwa ndi anthu osamuka pa lendi, mbira yolanditsidwa kukamwa kwa galu.

Kodi mbira ndi nyama yotani?

Kuti timvetse chimene chinachitika m'khola muja, tiyambe tadziwa chikhalidwe cha nyamayi. Mbira yoweta si mbale wa mbira ya m'mapanga a m'mapiri, imene makolo athu anaiika m'mwambi, ngakhale ziwirizi zigawana dzina ndipo zonse ziribe mchira wooneka. Akatswiri a zanyama apeza kuti ya m'mapiri iri pa ubale ndi njobvu, pamene yowetayi iri m'gulu la mbewa ndi nungu. Kwao kwa mbira yoweta ndi ku mapiri a Andes ku South America, m'maiko a Peru, Bolivia ndi Ecuador, kumene anthu anayamba kuiweta zaka zikwi zingapo zapitazo. Amalonda a pa nyanja anapita nayo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo pambuyo pake inafika kuno ku Africa.

Nyama imeneyi iribe nyanga, iribe liwiro la kalulu, ndipo sidziwa kukwera mtengo. Chitetezo chake chonse chiri pawiri: kubisala, ndi kukhala pa gulu. Ikamva phokoso lachilendo imauma gwa ngati mwala, kapena gulu lonse limabalalika kuthawira m'mauna. Chifukwa chake mbira ya yokha siikhala ndi mtendere, pakuti palibe mnzake woichenjeza pamene ikudya. Ku Switzerland anafika pokhazikitsa lamulo, m'chaka cha 2008, loletsa kuweta mbira imodzi yokha. Motero bambo wa ku Machinjiri uja sanalakwe poganiza kuti kanyamako kafunika anzake. Analakwa tsiku.

Pakuti gulu la mbira liri ngati mudzi, liri ndi akulu ndi ang'ono, ndipo yense adziwa malo ake. Zimazindikirana ndi fungo koposa maso, ndipo khola lonse zimalipaka fungo lao pokhuza mbuyo zao pansi. Mlendo akagwera m'kati modzidzimutsa, eni khola amamuona ngati wolanda malo. Mbira yamphamvu ikhoza kudziteteza mpaka zitamvana. Koma yamantha, yanjala, yobvulala kale, singathe. Imangothawira pa ngodya, ndipo pa ngodya palibe potulukira. Ikasiya kudya, matumbo ake, amene analengedwa kuti azigaya udzu usana ndi usiku, amaima. Ndipo mbira yokhala tsiku lathunthu osadya iri kale pa khomo la imfa.

Tiyankhe otitsutsa

Tidziwa kuti ena mwa inu mukuseka. Wina akuti, "Mbira ndi mbira, zidzazolowerana zokha." Nzoona kuti nthawi zina zimatero, monganso munthu woolokera pa mtsinje wodzaza nthawi zina amafika kutsidya. Koma inu nomwe simuchita choncho ndi ziweto zina. Ndani mwa inu sanalirepo nkhuku zake zitatha ndi chitopa chifukwa cha tambala mmodzi wogulidwa ku msika? Ndani sadziwa kuti chigodola chimalowa m'khola la nkhumba ndi nkhumba yachilendo kapena nyama yochokera kwina? Lamulo limene munaliphunzira ndi misozi pa nkhuku ndi nkhumba ndi lomwelo pa mbira.

Wina akuti, "Aka ndi kanyama ka ana, sitingatayirepo nthawi." Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mbira yaikazi imakhala ndi bere masiku 59 mpaka 72, ndipo kawirikawiri imaswa ana awiri, atatu kapena anai, obadwa ali ndi ubweya, maso otseguka ndi mano, amene amayamba kudya masamba patangopita masiku owerengeka. Yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 1,200. Siilimbirana chimanga ndi ana anu, pakuti chakudya chake ndi udzu ndi zomera zimene mumazula m'munda. Ndowe zake ndi manyowa abwino a pa dimba la mpiru ndi tomato. Fodya amalipira kamodzi pa chaka, akagulidwa ku okushoni ku Limbe, ndipo chimanga chimadikira mvula. Koma mbira imapereka ndiwo ndi kandalama ka makope a sukulu mwezi uli wonse umene mwafuna. Ku Peru, sukulu yaukachenjede ya zaulimi ya La Molina inayamba m'zaka za m'ma 1960 ntchito yosankha mbira zazikulu zoti alimi aziweta. Kum'mawa kwa Congo, m'chigawo cha Kivu, kumene nkhondo zinalanda anthu ng'ombe ndi mbuzi, mabanja ambiri anatsamira pa mbira chifukwa imanyamulika pothawa. Chiweto chimene anthu ophunzira ndi anthu obvutika achilemekeza chotere, ife tisachiyese choseweretsa.

Wachitatu akuti, "Ngati mlendo ali woopsa chotere, kuli bwino kumukana." Iai, pamenepo sitibvomereza. Makola ambiri amene tawaona anayamba ndi mbira ziwiri, ndipo kwa zaka zambiri ana akhala akukwerana ndi makolo ao ndi abale ao. Zotsatira zake ndi mbira zonyentchera ndi ana ofa asanakule. Khola lotere lisowa magazi atsopano, ndipo akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mulandireni mlendo, koma mumulandire mwa dongosolo.

Inu alimi a fodya ndinu oyenera kumva msanga. Mbande za ku nazale simuzizula lero ndi kuziponya pa dzuwa la kumunda ziri zanthete. Mumayamba mwachotsa udzu wophimba pang'onopang'ono, nkuchepetsa madzi, kuti zikhwime zisanaokedwe. Ndipo mudziwa kuti wofulumira amabwerera kudzapakiza munda wonse. Mbira yamantha ndi mbande yanthete.

Khwerero loyamba: masabata atatu payokha

Mlendo akafika, mpezereni bokosi lake kapena dengu lalikulu, ndipo muliike m'chipinda china kapena mbali ina ya nyumba, kutali ndi khola. Pansi yalani udzu wouma wambiri kapena makoko a chimanga, osati utuchi wosalala umene umalowa m'mphuno. M'katimo ikani pobisala: katoni yobooledwa, mphika wosweka wovundikira, kapena chidutswa cha paipi yaikulu. Pamwamba phimbani ndi waya chifukwa cha amphaka ndi makoswe, ndipo kuzungulira bokosilo wazani phulusa chifukwa cha linthumbu. Malowo akhale opanda mphepo yolowa pansi pa chitseko, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chiperoni chimatizizira kuno ku Blantyre, pakuti chinyezi ndi mphepo ndizo zimadzetsa chibayo. Asakhalenso pansi pa malata otentha m'mwezi wa Okutobala, popeza kutentha kukafika madigiri 30 mbira ikhoza kukomoka ndi kufa.

Masiku atatu oyamba musaigwire konse, ndipo ana muwauze mwamphamvu. Ikani chakudya ndi madzi pafupi ndi pobisala pake, nimuchoke. Idzadya usiku, anthu atagona, ndipo mudzadziwa poona masamba atachepa ndi ndowe zitachuluka. Pambuyo pake muzikhala pansi pafupi ndi bokosilo nthawi imodzimodzi tsiku liri lonse, mukulankhula motsitsa mau, tsamba liri m'dzanja. Dzanja lisachokere kumwamba, pakuti kwa mbira chochokera kumwamba ndi mphamba. Tsiku limene idzatulutsa mphuno ndi kukoka tsambalo m'dzanja lanu, dziwani kuti mantha ayamba kutha. Poinyamula, dzanja limodzi ligwire pansi pa chifuwa, lina lichirikize mbuyo, ndipo muisendeze pa chifuwa panu. Yaikazi musaifinye pamimba, pakuti mwina yadza ndi bere.

Chakudya chikhale udzu wosasowa usana ndi usiku, monga kapinga ndi nsenjere yanthete, chifukwa mano a mbira amakula moyo wake wonse ndipo udzu ndiwo umawaperesa. Onjezani masamba aawisi tsiku ndi tsiku: chisoso, kholowa, bonongwe, mwamunaaligone, masamba a chimanga ndi a nthochi, ndi kadzanja ka madeya. Masamba aawisi sangalumphidwe, pakuti mbira, monga munthu, thupi lake silipanga vitamini C; ikamusowa imatupa nkhama ndi mfundo za miyendo. Ndi pa mbira pomwe madotolo awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anaonetsa m'chaka cha 1907 kuti nthenda imeneyi imadza ndi kuperewera kwa zakudya. Koma yanjala musaikhutitse masamba anthete tsiku limodzi, ingatupe mimba, onjezani pang'onopang'ono. Musaipatse masamba a mbatatesi, a tomato, a mapeyala, anyezi, chigwada chachiwisi, kapena chiri chonse chozulidwa m'munda wopoperedwa mankhwala. Ndipo inu a fodya, bokosilo lisakhale m'chigafa, pakuti tsamba la fodya ndi chiphe kwa mbira.

M'masabata atatuwa maso anu akhale pa zizindikiro izi: kuyetsemula, mamina, manthongo, kupuma mobvutika, kutsegula m'mimba, kudzikanda kosalekeza, nsabwe m'ubweya, ndi zigamba zozungulira zosuka ubweya. Zigamba zimenezo kawirikawiri ndi chipere, ndipo chimapatsira anthu, makamaka ana. Nchifukwa chake muziyamba kudyetsa mbira za pakhomo, mlendo pomalizira, kenaka nkusamba m'manja ndi sopo. Mbale zake zisasakanizike ndi za m'khola. Mukaona chizindikiro, itanani mlangizi wa ziweto. Tikupemphani ndi mtima wonse, musaipatse makapisozi ogula pa golosale. Penisilini, amokisilini ndi abale ao, amene amachiza anthu, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a mbira, ndipo mbirayo imafa ndi mankhwala m'malo mwa nthenda. Ikadwala nkuchira, masabata atatu aja muyambenso kuwerenga.

Khwerero lachiwiri: kuonana pa waya

Masabata atatu akatha mlendo ali wathanzi, akudya pamaso panu, sendezani bokosi lake pafupi ndi khola, waya wa maso ang'ono ali pakati, kuti zizionana, kumvana ndi kununkhizana koma osalumana. Tsiku liri lonse tengani kadzanja ka udzu wogonera wa m'khola muike kwa mlendo, ndipo wa mlendo muike m'khola, kuti fungo lifike thupi lisanafike. Chakudya muziika mbali zonse ziwiri za waya, moyang'anizana, kuti zizolowere kudya pamodzi.

Poyamba mudzamva kulira ndi kukukuta mano, ndipo zina zidzaluma wayayo. Musade nkhawa. Chimene mukudikira ndi tsiku limene mudzapeza mlendo atagona chotsamira waya, ina ya m'khola itagona mbali inayo. Kwa zina zimenezi zimatenga masiku atatu, kwa zina sabata yathunthu kapena kupitirira. Yamantha kwambiri ipatseni nthawi yake; kuona maso a nkhono nkudekha.

Khwerero lachitatu: tsiku lokomana

Sankhani tsiku limene simupita kumunda kapena ku ntchito, ndipo muyambe m'mawa. Konzani bwalo pa malo amene mbira iri yonse sinapondepo, monga pa khonde losesedwa kapena pa mphasa yatsopano, lotchingidwa ndi matabwa kapena njerwa, lotalika mita imodzi ndi theka mbali zonse, pa mthunzi, agalu atamangidwa. Pakati unjikani udzu ndi masamba milu iwiri kapena itatu yotalikirana. Pobisala pali ponse pakhale ndi makomo awiri, kuti yothamangitsidwa ilowe uku ndi kutulukira uko. Katoni ya khomo limodzi ndi msampha. Ngati khola lanu liri ndi mbira zambiri, musazitulutse zonse. Yambani ndi imodzi yofatsa koposa, ndipo ziwirizo zikamvana onjezani zina imodziimodzi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa mbali yachiwiri, pakuti amalekanitsa msanga. Mudzaona kununkhizana kumbuyo ndi pansi pa chibwano. Mudzaona ina ikuyenda monyada, ikugwedeza mbuyo ndi kung'ung'udza ngati njinga yamoto iri patali. Mudzaona kuthamangitsana, kukwerana ngakhale zazikazi zokhazokha, kutukulirana mitu kuona wotalika, ndi yaing'ono ikulira modandaula. Zonsezi ndi milandu ya pabwalo, ndipo ziyenera kuikamba mpaka ithe kuti zidziwe mkulu ndani. Mukazilekanitsa pamenepa, mawa zidzayambiranso pachiyambi, ndipo kulekanitsa ndi kubwezera tsiku ndi tsiku kumatopetsa yamantha koposa kuisiya.

Koma ziripo zizindikiro za nkhondo yeniyeni: kukukuta mano kwamphamvu kosalekeza mbali zonse ziwiri, ubweya wa pakhosi utaima, kuyasamula koonetsa mano, ndi kuimirira ndi miyendo yakumbuyo moyang'anizana. Mukaona izi khalani chire, nsanza yokhuthala kapena kathabwa kali m'dzanja. Zikagwirana nkumagubuduka ngati mpira, kapena mukaona magazi, ponyani nsanzayo pamwamba pao ndi kulowetsa kathabwa pakati. Dzanja lamanja musaikepo, pakuti mbira yokwiya imaluma mpaka pa fupa. Zotere zibwerere ku waya, ndipo ngati zabwereza kukhetsa magazi, bvomerezani kuti ziwirizo sizidzakhalira limodzi. Mlendo mumpezere mnzake wina.

Zikafika podya mulu umodzi, kapena kugona motalikirana pang'ono maso ali tulo, patatha maola angapo, ntchito yatheka. Koma musanazibwezere m'khola, chotsani udzu wonse wakale, tsukani pansi ndi mbale zomwe, sinthani malo a zobisalamo, kuti eni khola alipeze ngati lachilendo. Mbira ziwiri zisowa malo osachepera mita imodzi m'litali ndi masentimita 70 m'lifupi, ndipo zikachuluka malo achuluke. Ikani mbale ziwiri za chakudya ndi ziwiri za madzi motalikirana, kuti wamkulu asatsekereze zonse. Kwa masabata awiri otsatira muziona ndi maso anu kuti mlendo akudya, muzimusisita msana ndi mbuyo kufuna zilonda zobisika m'ubweya, ndipo amene muli ndi sikelo muzimuyeza sabata iri yonse.

Ndani akhale ndi yani

Musanachite zonsezi, dziwitsitsani ngati mlendoyo ali wamwamuna kapena wamkazi. Zazikazi zimalandirana mosabvuta. Yaimuna imodzi ikhoza kukhala ndi zazikazi zingapo mwamtendere. Koma zazimuna ziwiri zazikulu pamaso pa yaikazi ndi nkhondo yosatha. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ngati mlendo ndi wamwamuna ndipo m'khola muli kale mwini, musankhe mmodzi, kapena mugawe khola pawiri. Zazimuna zokhazokha zikhoza kukhalira limodzi pamene palibe yaikazi pafupi, makamaka yaikulu ndi kamwana.

Yaikazi yopulumutsidwa musafulumire kuipereka kwa yaimuna. Yoonda ndi yamantha iyambe yabwerera m'thupi pakati pa zazikazi zinzake. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Yaikazi imene yapitirira miyezi isanu ndi iwiri isanaswepo, mafupa ake a m'chiuno amalimba, ndipo bere loyamba la mochedwa likhoza kuipha pobereka. Tsono ngati simudziwa mbiri ya mlendo wamkulu, funsani kwa amene anali naye. Kumbukiraninso kuti yaikazi ikhoza kutenga bere lina tsiku lomwe yaswa, ndi kuti tiana tatimuna tiyenera kuchotsedwa kwa amao ndi alongo ao tikakwana masabata atatu kapena anai. Akalulu asakhale khola limodzi ndi mbira, pakuti amaziponda ndi miyendo yao yamphamvu, ndiponso amanyamula tizilombo ta chifuwa timene iwo sitiwadwalitsa koma mbira timazipha.

Taona ndi maso kuti nzotheka

Chaka chomwecho cha namondwe, mnyamata wina wa sukulu wa ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, analanditsa mbira yaikazi kwa agalu pa dzala. Inali yoonda, msana uli ndi bala, ndipo munthu akayandikira inkauma ngati yakufa. Agogo ake anatiitana, ndipo tinawalangiza monga talembera pano. Masiku asanu oyamba mnyamatayo sanaione ikudya, koma m'mawa uli wonse kholowa anali atatha. Pa sabata yachiwiri inalandira chisoso m'dzanja lake. Pa waya inakhala masiku asanu ndi atatu. Tsiku lokomana, yaikazi yaikulu ya m'khola inaithamangitsa ndi kuikwera kufikira dzuwa litafika pamutu, ndipo mnyamatayo anagwira nsanza misozi iri m'maso, nati, "Agogo, ndiichotse, aipha." Agogowo anati, "Taleka, mdzukulu wanga, magazi sunawaone." Pofika madzulo zinali kudya mulu umodzi. Titabwererako patapita miyezi inai, tinalephera kuloza mlendo pakati pa zinzake mpaka mnyamatayo atationetsa chipsera.

Kusiyana kwa khomo la ku Machinjiri ndi la ku Chilomoni sikunali ndalama. Bokosi, chidutswa cha waya, udzu ndi phulusa ziri pa khomo liri lonse. Kusiyana kwake kunali mwezi umodzi wa kudikira, ndi munthu mmodzi amene anaitenga ntchitoyo kukhala yake. Pamenepa tichenjeze makolo. Nkwabwino kuti ana aziweta mbira, pakuti mwana amene waphunzira kudekha ndi kanyama kamantha adzadziwa kusamala mbuzi ndi ng'ombe akadzakula. Koma musangowatuma ndi kutembenuka. Mwambi uja umati mbira inasowa mchira chifukwa chotuma ena. Pitani nokha mukaone bokosilo m'mawa ndi madzulo, muwerenge masiku pamodzi ndi mwanayo, ndipo tsiku lokomana mukhalepo.

Tsono, achikumbe anzathu, mnansi akadzakupatsani mbira, kapena mwana akadzabwera nayo m'malaya ataitola, musadzatsegule khola madzulo amenewo. Funani bokosi, yalani udzu, lembani tsikulo pa khoma ndi khala, ndipo muwerenge masabata atatu. Pamene pakubvutani, funsani mlangizi wa zaulimi kapena wa ziweto wa dera lanu. Ntchito yathu ndi imeneyo, ndipo kuli bwino kutiitana mlendo akali m'bokosi kusiyana ndi kutiitana khola litayamba kutha.